Kalabu ya mayiko angongole: n'chiyani kwenikweni, nanga ingasinthe chiyani?

Kuyambira pa 30 June mpaka pa 3 July 2025, atsogoleri ndi nduna za zachuma za mayiko ambiri anasonkhana mumzinda wa Sevilla, ku Spain, pa msonkhano wachinayi wa bungwe la United Nations wokambirana za ndalama zachitukuko. Chikalata chomwe anatuluka nacho n'chachitali, koma ndime imodzi ndiyo inamveka kwambiri: yoti mayiko obwereka ndalama akhale ndi bwalo lawolawo, lokumaniramo okhaokha, mothandizidwa ndi nthambi ya United Nations. Anthu anayamba kulitcha kalabu ya angongole. M'mwezi wa May chaka chomwecho, bungwe la African Union linali litachititsa msonkhano wa za ngongole ku Lomé, m'dziko la Togo, ndipo nakonso nkhani inali yomweyo, yoti mayiko a mu Africa aziyankhula ndi mawu amodzi akamakumana ndi owabwereketsa.

Nkhaniyi anthu anaimva mosiyanasiyana. Ena anaganiza kuti mayiko osauka apangana zokana kubweza ngongole, ndipo anasangalala. Ena anachita mantha kuti tikatero palibenso wotibwereka. Enanso anangoti ndi misonkhano yomwe ija yokadyerako ma alawansi. Zomwe zikukambidwa sizili pa kukana kubweza ayi, komanso si nkhani yachabe. Kuti timvetse, tiyambire pa ngongoleyo.

Ngongole ya boma imafika liti polemera?

Boma lililonse limabwereka. Msonkho womwe limatolera sukwana kulipira aphunzitsi, kugula mankhwala, kumanga misewu ndi milatho nthawi imodzi, choncho kusiyanako amakutseka ndi ngongole. Ina imabwerekedwa m'dziko momwemo, ku mabanki ndi ku makampani a penshoni ndi inshuwalansi, ndipo imabwezedwa m'ndalama ya dzikolo. Ina imachokera kunja ndipo kawirikawiri imabwezedwa m'madola.

Obwereketsa akunjawa ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la mabungwe omwe eni ake ndi mayiko ambiri, monga IMF, World Bank ndi African Development Bank. Chiwongoladzanja chawo kwa mayiko osauka chimakhala chochepa, koma ngongole yawo mwachizolowezi siidulidwa pakakhala zokambirana. Lachiwiri ndi la maboma obwereketsa boma linzawo, monga China, India, France, Japan kapena Kuwait. Lachitatu ndi la amalonda: mabanki, ndi makampani osunga ndalama za anthu omwe amagula ma Eurobond. Eurobond ndi chikalata chomwe boma limagulitsa pa misika ya ndalama yakunja polonjeza kuti lizilipira chiwongoladzanja chaka ndi chaka, kenako lidzabweze ndalama yonse pa tsiku lotchulidwa. Chikalatacho ogula amagulitsana, moti boma nthawi zina silidziwa bwino lomwe kuti lero lili ndi ngongole kwa yani.

Akatswiri akamanena kuti ngongole ndi yotheka kuisenza, amatanthauza kuti dziko lingathe kumabweza pa nthawi yake popanda kusiya zipatala zopanda mankhwala, komanso popanda kubwereka pano kuti litseke apo. Kukula kwa ngongole pakokha sikuuza munthu zambiri. Ngongole ya boma la Japan imaposa kawiri chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pa chaka, koma limabwereka kwa anthu ake, m'ndalama yake, pa chiwongoladzanja chotsika. Chomwe chimapha mayiko ngati athu ndi kukwera kwa chiwongoladzanja, kufupika kwa nthawi yobwezera, ndi kubweza m'ndalama yomwe sitisindikiza tokha.

Chitsanzo chili pafupi. Mu November 2023, Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole ya madola 1 miliyoni yomwe dzulo lake inkafuna K1.18 biliyoni ya msonkho inadzuka ikufuna K1.7 biliyoni, popanda kubwereka ngakhale tambala yowonjezera. Fodya yemwe amabweretsa madola sanachuluke usiku umenewo.

Vutoli si la Malawi yokha. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona zamalonda ndi chitukuko ya UNCTAD, lomwe linatuluka mu 2025, linati mayiko ongotukuka kumene analipira madola 921 biliyoni a chiwongoladzanja chokha mu 2024, ndipo anthu 3.4 biliyoni amakhala m'mayiko omwe boma limawononga ndalama zambiri pa chiwongoladzanja kuposa pa zaumoyo kapena pa maphunziro.

Obwereketsa ali ndi kalabu yawo kuyambira 1956

M'chaka cha 1956, dziko la Argentina litavutika kubweza, maboma omwe analibwereketsa anakumana nalo ku Paris. Kukumanako kunasanduka chizolowezi ndipo kunabala gulu lotchedwa Paris Club, lomwe lero lili ndi mamembala 22 okhazikika, ambiri mwa iwo mayiko olemera. Ofesi yawo ili mu unduna wa zachuma wa France. Amakumana pafupipafupi n'kumauzana momwe wangongole aliyense akuchitira. Mwa malamulo awo muli lakuti azigawana zomwe akudziwa, lakuti azichita zinthu ngati gulu, lakuti wangongole ayambe wagwirizana ndi IMF asanathandizidwe, ndi lakuti dziko lililonse lizimvedwa palokha. Amalonda nawonso, dziko likangolephera kulipira, amapanga komiti yawo n'kulemba maloya ndi alangizi amodzi.

Taganizirani za msika wa soya pa tawuni yaing'ono nthawi yokolola. Mavenda masikelo awo amakoleka moyandikana, amaimbirana foni m'mawa, ndipo mtengo wa tsikulo onse amaudziwa. Mlimi amabwera yekha ndi matumba ake awiri panjinga, fizi ya mwana ikumudikira, osadziwa kuti mnzake wa mudzi winawo anagulitsa pa ndalama zingati dzulo. Sikuti mavendawo akuba. Kungoti mbali imodzi imadziwa zonse ndipo ingathe kudikira, pomwe inayo ikudziwa zake zokha ndipo ili pachangu. Alimi akapanga kalabu sakana kugulitsa soya. Amauzana mitengo, amayeza pa sikelo yawo asanapite, ndipo amatuma odziwa kunenerera. Ganizo la bwalo la mayiko obwereka lili pomwepa.

Kale zinthu zinkaphweka chifukwa obwereketsa ambiri anali a Paris Club ndi mabungwe aja. N'chifukwa chake ndondomeko yokhululukira ngongole mayiko osaukitsitsa ya HIPC, yomwe inayamba mu 1996 n'kuwonjezeredwa mu 2005, inatheka. Zambia inamaliza ndondomekoyi mu 2005, Malawi mu 2006, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi nduna yake ya zachuma Goodall Gondwe, ndipo ngongole yathu yakunja inachoka pa madola pafupifupi 3 biliyoni kufika pochepera theka la biliyoni. Koma m'zaka zotsatira obwereketsa anasintha. China inakhala boma lobwereketsa kwambiri kuposa onse, ndipo si membala wa Paris Club. Mayiko ambiri a mu Africa anayambanso kugulitsa ma Eurobond. Pofuna kuika onsewa pa tebulo limodzi, gulu la mayiko a chuma chachikulu la G20 linakhazikitsa ndondomeko yatsopano mu November 2020, yotchedwa Common Framework.

Zomwe Zambia inadutsamo

Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chomwe mayiko obwereka akufunira kugwirana manja ayang'ane ku Lusaka. Zambia inagulitsa ma Eurobond katatu: madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Inabwerekanso zambiri ku mabanki a China zomangira misewu, mabwalo a ndege ndi malo opangira magetsi. Mtengo wa kopa utagwa, chilala chitachepetsa magetsi, kenako Covid-19 itafika, mu November 2020 boma linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni. Linakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kubweza m'nthawi ya mliriwo.

Kumayambiriro kwa 2021 Zambia inapempha thandizo kudzera mu Common Framework. Onani momwe nthawi inayendera. Boma latsopano la Hakainde Hichilema linamvana ndi akatswiri a IMF mu December 2021, koma IMF sikanatulutsa ndalama maboma obwereketsa asanalonjeze kuti adzachepetsa ngongole. Komiti ya maboma amenewa, yotsogoleredwa ndi China ndi France, inakumana koyamba mu June 2022. Ngongole ya IMF ya madola 1.3 biliyoni inavomerezedwa mu August 2022. Mgwirizano weniweni ndi maboma, wokhudza madola 6.3 biliyoni, omwe oposa 4 biliyoni anali a China, unafika mu June 2023 ku Paris. Anatalikitsa nthawi yobwezera mpaka 2043 ndipo anatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 1 peresenti kwa zaka zambiri zoyambirira.

Anthu anaganiza kuti basi zatha. Mu October 2023 Zambia inamvananso ndi eni ma Eurobond, koma mwezi wotsatira komiti ya maboma ija inakana mgwirizanowo. Chifukwa chake chinali lamulo lakuti obwereketsa onse aziluza mofanana: boma la France kapena la China silingalole kudikira zaka makumi awiri pomwe kampani ya ku London kapena New York ikulandira zake msanga. Lamuloli ndi lomveka. Vuto linali lakuti njira yowerengera kufananako sinali yolembedwa poyera, moti nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane ndi anthu ake ankakambirana ndi amalonda osadziwa bwino malire omwe mabomawo angavomere. Anabwerera pa tebulo, anamvana mu March 2024, ndipo zikalata zatsopano zinasinthanitsidwa mu June 2024. Kuchoka pa tsiku lolephera kulipira kufika apa panadutsa zaka zitatu ndi theka.

Zaka zimenezo sizinali zongodikira m'maofesi. Kwacha ya Zambia inkagwa, mitengo ya ufa ndi mafuta inkakwera, ofuna kuyika ndalama m'dzikomo ankayamba aona kaye, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole yosalipidwayo chinkaunjikana. Nthawi yochuluka inathera pa mikangano ya obwereketsa okhaokha, monga wakuti kodi World Bank nayo iluze nawo, kodi banki yakuti ya ku China ndi ya boma kapena yamalonda, kodi alendo omwe anagula ngongole ya m'dziko ya kwacha awerengedwe mbali iti. Wangongole anali panja pa chitseko pomwe zimenezi zinkakambidwa.

Ghana inalephera kubweza mu December 2022 ndipo inadutsa njira yomweyo mofulumirako: inamvana ndi maboma mu January 2024 ndipo inamaliza ndi eni ma Eurobond a madola 13 biliyoni mu October 2024, iwo atavomera kuluza 37 peresenti. Mbali ina ya kufulumirako inachokera poti mikangano ina inali itathera pa Zambia. Ethiopia inapempha mu 2021 ndipo inadzamvana ndi maboma mu 2025. Sri Lanka, yomwe inalephera kubweza mu 2022, sinaloledwe n'komwe kulowa mu Common Framework poti imawerengedwa ngati dziko lopezako bwino. Mayiko anayiwa anakumana ndi obwereketsa pafupifupi omwewo, maloya ndi alangizi a makampani ochepa omwewo, koma panalibe malo okhazikika oti akuluakulu a zachuma a ku Accra, Lusaka, Addis Ababa ndi Colombo akhale pansi n'kufananiza zomwe aliyense wauzidwa.

Zinayesedwapo kale

Ganizoli si la lero, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuidziwa chifukwa imasonyeza pomwe pamathyokera mgwirizano wotere. Mu August 1982 Mexico inalengeza kuti singathe kulipira mabanki akunja, ndipo mavutowo anafalikira ku Latin America yonse. Mu June 1984, mayiko 11 a kumeneko, kuphatikizapo Argentina, Brazil, Mexico ndi Venezuela, anakumana ku Cartagena m'dziko la Colombia. Mabanki a ku America ndi ku Ulaya anachita mantha kwambiri, chifukwa mayikowa akanati asiye kulipira onse pamodzi, mabanki ena akuluakulu akanagwa. Koma sizinafike pamenepo. Patangopita miyezi yochepa, Mexico inapatsidwa mgwirizano wakewake wa zaka zambiri ndi chiwongoladzanja chotsikirapo, ndipo mayiko ena akuluakulu anayamba kuyembekezera zofanana. Aliyense anaona kuti kukhala mwana wabwino payekha kukumupindulira msanga kuposa kudikira gulu. Peru, pansi pa Alan García, inayesa yokha mu 1985 kunena kuti sidzalipira zoposa 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pa malonda akunja. Inatsekeredwa ngongole ndipo chuma chake chinasokonekera kwambiri, ngakhale zifukwa za kusokonekerako zinali zambiri.

Kuno ku Africa, mu July 1987, mtsogoleri wa Burkina Faso Thomas Sankara anauza atsogoleri anzake pa msonkhano wa OAU, bungwe lomwe pambuyo pake linalowedwa m'malo ndi African Union, ku Addis Ababa kuti ngati kuli kalabu ya ku Paris, pakhalenso ya ku Addis Ababa, ndipo mayiko a mu Africa akane kubweza onse pamodzi. Anachenjeza kuti dziko lake likachita zimenezi lokha iye sadzapezekanso pa msonkhano wotsatira. Anaphedwa mu October chaka chomwecho pa kulanda boma, ndipo kalabuyo sinabadwe.

Olemba ndime ya ku Sevilla ankaidziwa mbiri imeneyi. N'chifukwa chake mawu awo ndi ofatsa: bwalo lokambirana nkhani zaukatswiri, logawana zomwe aliyense akudziwa ndi kuphunzitsana. Ena amati n'kufooka. Ena amati ndi njira yokhayo yoti mayiko alowemo mopanda mantha.

Nanga mgwirizano wa lero umagwira ntchito yotani?

Mbali yake yaikulu ndi ya ntchito zosamveka pa wailesi, ndipo zina zinayamba kale. Yoyamba ndi kudziwa ngongole yako. Zimamveka zachibwana, koma maboma ambiri akhala akulephera kunena molondola kuti ali ndi ngongole zingati, makamaka zomwe makampani a boma anatenga boma litawasainira. UNCTAD ndi ofesi ya Commonwealth ali ndi mapulogalamu a pakompyuta olembera ngongole omwe mayiko ambiri amagwiritsa ntchito. Kuchigawo chathu chino kuli bungwe la MEFMI, lomwe likulu lake lili ku Harare ndipo eni ake ndi mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Limaphunzitsa ogwira ntchito m'maunduna a zachuma ndi m'mabanki aakulu momwe angawerengere ngati ngongole yatsopano ingasenzeke asanaisaine.

Yachiwiri ndi maloya. Apa pali nkhani ina ya Zambia yomwe inatsegula anthu maso. Mu 1979 dzikolo linatenga ngongole ku Romania yogulira mathirakitala. Mu 1999 kampani ya Donegal International inagula ngongoleyo kwa Romania pa madola opitirira pang'ono 3 miliyoni, kenako inasumira Zambia ku khoti la ku London kufuna madola 55 miliyoni. Mu 2007 khoti linagamula kuti ilipidwe pafupifupi 15 miliyoni. Ndalama zomwe mayiko ena anakhululukira kuti zikagule mankhwala zinapita kwa wogula ngongole yakale. Milandu yotere ndi yomwe inachititsa nduna za zachuma za mu Africa kupempha kuti pakhale bungwe la African Legal Support Facility, lomwe limakhala pansi pa denga la African Development Bank ndipo limathandiza maboma kupeza maloya odziwa pokambirana ngongole ndi makontirakiti a migodi kapena magetsi. Britain nayo inakhazikitsa lamulo mu 2010 lochepetsa zomwe makampani otere angapeze m'makhoti ake pa ngongole zakale za mayiko a HIPC.

Yachitatu ndi kutengerana nzeru pa kalembedwe ka mgwirizano wa ngongole. Chilumba chaching'ono cha Grenada, pokonzanso ngongole yake mu 2015, chinaikamo ndime yoti namondwe akawononga dziko kubweza kuime kaye. Barbados inatengera. Namondwe wa Beryl atakantha Grenada mu July 2024, boma linagwiritsa ntchito ndimeyo ndipo kubweza kunaima kaye kuti dzikolo likonze zomwe zinawonongeka. Nduna yaikulu ya Barbados, Mia Mottley, inalimbikitsa ganizoli padziko lonse kuyambira 2022, ndipo World Bank inayamba kuika ndime zoterezi m'ngongole za mayiko ang'onoang'ono ena. Wina aliyense amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 akhoza kuona phindu la ndime yotere. Dziko limodzi likaipempha lokha, wobwereketsa amakweza mtengo kapena kukana. Mayiko makumi atatu akamaipempha, imasanduka chizolowezi.

Palinso nkhani ya magiredi. Makampani atatu, Moody's, S&P ndi Fitch, ndi omwe amapereka giredi yosonyeza ngati dziko lingabweze, ndipo giredi ikatsika chiwongoladzanja chimakwera. Maboma a mu Africa akhala akudandaula kuti amayezedwa mokhwima kuposa mayiko ena ofanana nawo. Makampaniwo amakana, ndipo amati njira yawo ndi imodzi kulikonse. Akatswiri ena amanenanso kuti vuto lenileni ndi kusowa kwa ziwerengero zodalirika. African Union inavomereza zokhazikitsa kampani ya mu Africa yopereka magiredi. Kuti idzathandize, ogula ma Eurobond ayenera kuikhulupirira, ndipo adzaikhulupirira pokhapokha ataiona ikupereka giredi yotsika ku boma lomwe likuyenera giredi yotsika.

Chomaliza ndi mawu pa mabwalo opanga malamulo. Mu September 2015, Argentina itazunzika ndi milandu yomwe makampani ogula ngongole yake anaisumira ku New York, gulu la mayiko ongotukuka kumene la G77 linapititsa ku United Nations mfundo zoyendetsera kukonzanso ngongole za maboma. Mayiko 136 anavomera, 6 anakana. Koma mwa okanawo munali America ndi Britain, komwe malamulo ake ndi omwe amalamulira ma Eurobond ambiri, choncho mfundozo zinakhala zopanda mano. Kuyambira pamenepo pasinthako pang'ono: African Union inalowa mu G20 mu September 2023, mayiko a kumwera kwa Sahara anapatsidwa mpando wachitatu mu bodi ya IMF mu 2024, ndipo South Africa inatsogolera G20 mu 2025. Ku Sevilla mayiko a mu Africa ankafuna pangano lomanga mayiko onse pa za ngongole pansi pa United Nations. Anangopeza lonjezo la zokambirana zopereka maganizo. America inatuluka m'zokambiranazo msonkhano usanayambe.

Pomwe pali mfundo zolimba

Chovuta choyamba ndi manyazi okhala ndi mtengo wake. Dziko lomwe likuthabe kubwereka pa msika silifuna kuoneka litakhala benchi limodzi ndi olephera kubweza. Zinaoneka mu 2020, pomwe G20 inalola mayiko osauka 73 kuimitsa kaye kubweza chifukwa cha Covid-19. Analowa ndi 48 okha. Ena anakana poopa kutsitsidwa giredi, ndipo mantha awo anali ndi maziko, chifukwa Moody's inayamba kuunikanso magiredi a mayiko angapo omwe anapempha, monga Senegal, Côte d'Ivoire ndi Cameroon. Bwalo lokhala ndi mayiko ovutika okhaokha silingakhale ndi mphamvu, koma opezako bwino ali ndi chifukwa chokhalira patali.

Chachiwiri n'chakuti mzere wolekanitsa obwereka ndi obwereketsa sukudutsanso pakati pa olemera ndi osauka. China, India, Brazil, Saudi Arabia ndi South Africa amayenda limodzi ndi mayiko ongotukuka kumene ku United Nations, koma pa tebulo la ngongole amakhala mbali ya obwereketsa. South Africa inali wachiwiri kwa wapampando mu komiti ya maboma omwe Zambia inali nawo ngongole. Nkhaniyi imafika pakhomo penipeni tikanena za Afreximbank ndi Trade and Development Bank, mabanki omwe eni ake ambiri ndi maboma a mu Africa. Malawi inabwereka kwa onse awiri pa nthawi yosowa ndalama zakunja, pa chiwongoladzanja cha malonda. Pokambirana zokonzanso ngongole za Malawi, Zambia ndi Ghana, funso linabuka: kodi mabankiwa aluze nawo ngati amalonda, kapena atetezedwe ngati World Bank? Afreximbank imati pangano lomwe mayiko anasaina poikhazikitsa limaiteteza, ndipo ikaluza ndiye kuti giredi yake itsika n'kuyamba kubwereketsa modula ku mayiko onse a mu Africa. Fitch inaitsitsadi giredi mu June 2025 chifukwa cha nkhani imeneyi. Obwereketsa ena amati wolandira chiwongoladzanja chokwera ayenera kusenza nawo chiopsezo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo nduna imodzi yomweyo ndi wangongole komanso mwini wa banki.

Obwereketsa nawo ali ndi nkhawa zomwe si bwino kuzipeputsa. Ndalama zambiri za m'ma Eurobond ndi za penshoni za anthu wamba a mayiko ena. Iwo amati kubweza kukakhala kosatsimikizika, adzakweza chiwongoladzanja kwa onse, ndi omwe akuyendetsa bwino chuma chawo omwe. Amafunsanso za ngongole zomwe zinabedwa. Ku Mozambique, m'zaka za 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, Proindicus, Ematum ndi MAM, anatenga ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, nyumba ya malamulo isanavomere. Zambiri zinadzaululika mu 2016. IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndalama ya metical inagwa, ndipo anthu a ku Tete ndi Niassa omwe sanaonepo maboti ogwirira nsomba ogulidwa ndi ndalamazo analawa nawo kukwera kwa mitengo. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024, ndipo ogwira ntchito ena a Credit Suisse anavomera milandu yawo. Katangaleyu anali ndi manja mbali zonse. Ngati bwalo la obwereka lidzangokhala loteteza maboma, osakakamiza mamembala ake kuika makontirakiti poyera kuti aphungu ndi atolankhani awaone, nzika sizidzapindula kwenikweni. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti pali mayeso aakulu kuposa onse.

Kwa Malawi palinso malire ena. Sitinagulitsepo Eurobond ndipo sitinalowe mu Common Framework. Gawo lalikulu la ngongole yathu yakunja ndi la mabungwe ngati World Bank, IMF ndi African Development Bank, lomwe silidulidwa. Pulogalamu ya IMF ya madola 175 miliyoni yomwe inayamba mu November 2023 inatha yokha mu May 2025 isanaunikidwe ngakhale kamodzi. Ndipo katundu wolemera kwambiri ndi ngongole ya m'dziko momwe muno, yomwe boma limatenga ku mabanki athu pa chiwongoladzanja chomwe mu 2025 chinkaposa 20 peresenti. Mu bajeti ya 2025/26, ya ndalama pafupifupi K8 thililiyoni, zoposa K2 thililiyoni zinali za chiwongoladzanja chokha, zambiri mwa izo cha ngongole ya m'dziko. Ngongole imeneyi Paris Club ilibe nayo gawo, ndipo ndalama zomwe mabanki amabwereketsa boma ndi za anthu osunga ndalama kubanki ndi za penshoni.

Pa nkhani imeneyi, dziko lomwe lili ndi zotiuza ndi Ghana. Kumayambiriro kwa 2023 boma la kumeneko linasinthanitsa zikalata za ngongole ya m'dziko ndi zina za chiwongoladzanja chotsika ndi nthawi yaitali. Anthu opuma pa ntchito omwe anaika ndalama zawo m'zikalatazo anakaima ndi zikwangwani pa unduna wa zachuma ku Accra masiku angapo mpaka boma linawachotsa pa ndondomekoyo, mabanki ambiri analengeza kuti aluza ndalama chifukwa cha ndondomekoyo, ndipo boma linachita kukhazikitsa thumba lapadera lowachirikiza. Zambia inasankha njira yosiyana, yosakhudza konse ngongole ya m'dziko, poopa kugwetsa mabanki ake. Akuluakulu omwe anapanga zisankho ziwirizi, ku Accra ndi ku Lusaka, alipo ndipo akudziwa zomwe zinayenda ndi zomwe zinalakwika, pomwe ku Capital Hill funso lomwelo la ngongole ya m'dziko lidakali pa tebulo.